Ngozi za Ndege Zing'onozing'ono M'nkhungu

Munthu amene sadakhalepo ku Bembeke m'miyezi ya Juni ndi Julayi sangamvetse msanga tikamati nkhungu imatseka dziko. Kuno kumatha kucha bwinobwino, dzuwa n'kuwala m'minda ya mbatatesi, phiri la Dedza n'kumaoneka lonse mpaka pansonga. Koma isanakwane nthawi yoti ana asukulu atuluke kukapuma, utsi woyera wozizira umakwera kuchokera kuchigwa cha Golomoti ndi Mtakataka n'kumeza mitengo, nyumba ndi tchalitchi chachikulu cha pamishoni. Belu umangolimva kulira osadziwa mbali imene likulirira. M'zaka zimene ndinkaphunzitsa ndidasokerapo kawiri konse panjira yomwe ndinkayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo ulendo wina ndidakatulukira m'dimba la eni chonsecho mtima wanga unkanditsimikizira kuti ndalunjika kusukulu. Woyenda pansi akasokera chotere amaima, n'kukhala pamwala kudikira kuti kuyere. Woyendetsa ndege alibe mwala woti akhalepo.

Pa 16 Juni 2024 ambiri a ife tidapita kumsewu waukulu wa M1 kukaonerera mdipiti wa magalimoto umene udanyamula thupi la Dr Saulos Klaus Chilima, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko panthawiyo, kupita nalo kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu. Tili chidikirire, mnyamata wina wa Fomu 3 amene adaima pafupi nane adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndege ili ndi injini, wailesi ndi anthu ophunzira bwino. Ingagwe bwanji chifukwa cha nkhungu chabe?" Pamsewupo ndidalephera kumuyankha mokwanira. Yankho lake ndi lalitali, pakuti lili m'mbiri ya zaka zoposa 100 imene anthu akhala akulimbana ndi mitambo, ndipo mbiriyo idayambira kutali ndi kwathu kuno.

Ndege yoyamba yoyendera injini idauluka ku America pa 17 Disembala 1903. Kwa zaka zoposa 20 zotsatira, oyendetsa ndege ankayenda mumlengalenga monga momwe mlenje amayendera m'tchire, kudalira maso. Ankatsata mtsinje, njanji kapena msewu, ndipo mitambo ikatsika iwonso ankatsika kuti nthaka isawatayike. Choncho ambiri adafa pogunda mitengo ndi zitunda. M'chaka cha 1918 boma la America lidayamba kunyamula makalata pandege. Akuluakulu a positi, omwe ankakhala m'maofesi, ankalamula kuti makalata azinyamuka panthawi yake kaya kunja kwacha motani. M'mwezi wa Julayi 1919 woyendetsa ndege wina dzina lake Leon Smith adakana kunyamuka ku New York chifukwa cha nkhungu. Mnzake E. Hamilton Lee adakananso, ndipo onse awiri adachotsedwa ntchito. Anzawo atamva zimenezi adanyanyala ntchito kwa masiku angapo. Pamapeto pake adagwirizana kuti woweruza za nyengo azikhala woyang'anira bwalo amene akuiona nkhunguyo ndi maso ake, ndiponso kuti akaumirira kuti ndege inyamuke, aziyamba wakwera yekha ndegeyo n'kuzungulira nayo bwalolo. Ine mfundo yotsirizayi ndimaikonda, chifukwa wolamula akadziwa kuti nayenso akwera, amayamba wayang'ana kumwamba asanatsekule pakamwa.

Komabe masiku amenewo panali chinthu china chimene ngakhale akatswiri sankachidziwa. Iwo ankakhulupirira kuti woyendetsa ndege waluso amamva m'thupi mwake ngati ndege yapendekeka, ngakhale asakuona kanthu. Amene ankagwa m'mitambo ankanenedwa kuti adali amantha kapena osadziwa ntchito. Amene adatsutsa maganizo amenewa ndi msilikali wina wa ku America, William Ocker. M'chaka cha 1926 dokotala wina, David Myers, adamukhazika Ocker pampando wozungulira atamutseka m'maso. Mpandowo utazungulira kwa kanthawi, Ocker adayamba kumva ngati waima pamene unkazungulirabe, ndipo utaimadi iye adamva ngati ukuzungulira kubwerera kumbuyo. Munthu amene adauluka zaka zambiri adazindikira tsiku limenelo kuti thupi lake lomwe linkamunamiza.

Inu ophunzira simufunika mpando wa dokotala kuti mumvetse zimenezi. Nonse mudasewerapo masewera ozungulira pabwalo muli ana, mpaka kuima n'kumaona nyumba zikuthamanga, kenaka n'kugwa chagada anzanu akuseka. Chimene chimachitika n'chakuti m'kati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi. Mutu ukayamba kutembenuka, madziwo amatsalira m'mbuyo n'kukhudza timaubweya timene timauza ubongo kuti thupi likutembenuka. Koma kutembenukako kukapitirira mosasintha kwa masekondi pafupifupi 20, madzi aja amayamba kuyendera limodzi ndi timachubuto, ndipo ubongo umalandira uthenga wabodza woti zonse zaima. Kuwonjezera apo, kupendekeka kukamachitika pang'onopang'ono khutu silikumva n'komwe. Pansi pano bodza la khutu limakonzedwa ndi maso, chifukwa maso amaona mitengo itaima chilili ndiponso mzere umene thambo limakumanirana ndi dziko. M'kati mwa mtambo, kapena mumdima wopanda nyenyezi, maso alibe choti agwire. Ocker ndi mnzake Carl Crane adafika poyesa nkhunda. Adazimanga m'maso n'kuziponya kuchokera m'ndege, ndipo nkhundazo, eni ake a mlengalenga, zidalephera kuuluka molunjika.

Tsono taonani mmene imfa imabwerera. Ndege ikalowa mumtambo, phiko limodzi limatsika pang'ono woyendetsa osamva. Ndegeyo imayamba kukhota, mphuno yake n'kuweramira pansi, liwiro n'kumakula. Woyendetsa amamva mphepo ikulira kwambiri ndipo amaona kuti akutsika, motero amakoka chiongolero kuti akwere. Koma popeza ndegeyo ndi yopendekeka kale, kukokako sikuikweza ayi, kumangothinitsa kukhota kuja. Imazungulira mothina, mofulumirafulumira, ngati madzi olowa m'dzenje, mpaka kukamenyetseka pansi kapena kuthyoka mapiko ili m'mwamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti kufikira masekondi otsiriza munthuyo amakhala akumva m'thupi mwake kuti wakhala bwinobwino pampando.

Mankhwala a vutoli adapezeka m'chinthu chimene mwana aliyense wa kumudzi amachidziwa, ndicho nguli. Nguli ikamazungulira mwaliwiro imaima chilili ndipo imakana kupendekeka. Amisiri adaika kagudumu kozungulira ngati nguli m'kati mwa chipangizo, kuti ndege ikapendekeka kagudumuko kazikhalabe chilili n'kumasonyeza woyendetsa mmene mapiko ake alili. Pa 24 Sepitembala 1929, pabwalo la Mitchel Field pafupi ndi New York, James Doolittle adakwera ndege atafunditsidwa chinsalu kuti asaone kunja. Adanyamuka, kuuluka kwa mphindi pafupifupi 15, n'kutera bwinobwino akuyang'ana zipangizo zokha. Kuchokera m'zaka zimenezo kuuluka kudagawika pawiri. Pali malamulo a kuuluka modalira maso, amene amafuna kuti woyendetsa akhale kunja kwa mitambo ndipo aziona patali. Palinso malamulo a kuuluka modalira zipangizo, amene amalola ndege kulowa m'mitambo, koma pokhapokha ikuuluka pamwamba pa mapiri onse a m'njira yake, ikutsata njira yoikika, ndipo woyendetsayo ali ndi chiphaso chapadera cha luso limeneli.

Wina angaganize kuti nkhani idathera pomwepo. Sidathe, chifukwa kukhala ndi chipangizo n'kwina, kuchikhulupirira n'kwinanso. Munthu angathe kulandira chiphaso choyamba choyendetsera ndege yaing'ono atauluka maola 40 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ambiri mwa maola amenewa amakhala a masana kunja kuli ngwee. Kuti aphunzire kukana zimene thupi lake likumuuza n'kumvera kasingano ka pagalasi, pamafunika maphunziro ena aatali ndi kubwerezabwereza kosalekeza. M'chaka cha 1954 akatswiri a pa yunivesite ya Illinois adafuna kudziwa nthawi imene munthu wopanda maphunziro amenewa angapirire mumtambo. Adatenga oyendetsa ndege 20, n'kuwaulutsa mmodzimmodzi atawaphimba kuti asaone kunja, mphunzitsi ali pambali kuti awapulumutse. Onse 20 ndege idawapulumuka. Wina adapirira mphindi 8, wina masekondi 20 okha, ndipo powerengera onse pamodzi nthawi yake idali masekondi 178. Nthawi imeneyi siikwana mphindi zitatu. Madzi a tiyi pamoto wa nkhuni sakhala atawira.

Zaka zisanu chichitikireni kafukufukuyu, dziko lidaona umboni wake. Usiku wa pa 3 Febuluwale 1959 oimba atatu otchuka a ku America, Buddy Holly, Ritchie Valens ndi J. P. Richardson, adatopa ndi kuyenda pabasi yozizira m'nyengo ya chisanu, ndipo adakwera kandege ka anthu anayi pabwalo la Mason City m'chigawo cha Iowa. Woyendetsa wake, Roger Peterson, adali mnyamata wa zaka 21. Adali atauluka maola oposa 700, koma adalibe chiphaso choulukira modalira zipangizo. Kudali mdima wa ndiweyani, mitambo itatsika, chipale chikuwaza, ndipo machenjezo ena a zanyengo sadamufikire. Padalinso china. Chipangizo chosonyeza kupendekeka m'ndege imeneyi chinkasonyeza zinthu mosiyana ndi chimene iye adaphunzirira, kotero kuti ofufuza adati mwina ankaganiza kuti akukwera pamene ankatsika. Ndegeyo idagwa m'munda patangopita mphindi zowerengeka, pamtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera pabwalo, ndipo onse anayi adafera pomwepo.

Ngozi imene imaphunzitsidwa kwambiri m'sukulu za oyendetsa ndege ndi ya John F. Kennedy Jr., mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko la America. Ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa m'nkhani yake mulibe cholakwa chimodzi chachikulu, muli tizolakwa ting'onoting'ono tolumikizana ngati unyolo. Pa 16 Julayi 1999 Kennedy, wa zaka 38, adakonza zouluka ndi mkazi wake Carolyn ndi mlamu wake Lauren Bessette kuchokera ku New Jersey, kudzera pachilumba cha Martha's Vineyard, kupita kuukwati wa mbale wake. Adali atauluka maola pafupifupi 310 ndipo maphunziro a zipangizo adali asanawamalize. Ndege yake, ya mtundu wa Piper Saratoga, adali atangoigula miyezi yochepa m'mbuyomo. Cholinga chidali chonyamuka kukadali kowala, koma adachedwa pamsewu, ndipo adanyamuka dzuwa litalowa kale. Mphunzitsi wake wina adadzipereka kuti awaperekeze, iye adakana. Kunja sikudali mvula kapena mkuntho, kudali chabe nthunzi ya m'nyengo yotentha yophimba nyenyezi ndi magetsi akutali. Ali m'mphepete mwa nyanja ankaona magetsi a m'mizinda, koma atakhotera panyanja yeniyeni, thambo ndi madzi zidasanduka chinthu chimodzi chakuda. Patangotha ola limodzi chinyamukireni, ndegeyo idayamba kukhotakhota, kenaka idazungulira n'kulowa m'nyanja. Ofufuza sadapeze chovuta chilichonse pa injini kapena pa zipangizo zake.

Funso limene limandivutitsa ndikamawerenga nkhani zoterezi ndi lakuti, chifukwa chiyani sadabwerere? Kafukufuku wa ku Illinois uja cholinga chake chenicheni chidali kuphunzitsa anthu chinthu chimodzi, kutembenuza ndege n'kubwerera kumene achokera, kumene adasiya kukuwala. Kutembenukako m'manja n'kosavuta, koma mumtima n'kolemera. Kutsogolo kuli ukwati, kuli anthu odikira, kuli ulemu wako. Kumbuyo kwa mpando wako kwakhala anthu otchuka amene akukudalira, ndipo iwe ndiwe mnyamata wa zaka 21. Ukayandikira kumene ukupita ndi pamene kubwerera kumawawa kwambiri, pakuti mtima umati kwatsala pang'ono, mwina kuseri kwa mtambo uwu kwayera. Makolo athu adaziona kale zimenezi ngakhale sadakwerepo ndege, n'chifukwa chake adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ngakhale imfa ya katswiri wa mpira Emiliano Sala, pa 21 Januwale 2019, idatsata njira yomweyi. Iye ankafulumira kuchoka ku Nantes kupita kutimu yake yatsopano ya Cardiff City, ndipo adakwezedwa ndege yaing'ono usiku ndi woyendetsa amene chiphaso chake sichinkamulola kuuluka usiku. Ndegeyo idamupulumuka pamene ankazemba nyengo yoipa pamwamba pa nyanja, utsi wakupha wa injini utalowanso m'kati.

Pofika apa wina anganene kuti vuto ndi uchinyamata ndi kusazolowera basi. Mbiri siikutilola kunena choncho. Woyendetsa helikopita imene idapha katswiri wa masewera Kobe Bryant ndi anthu ena asanu ndi atatu pa 26 Januwale 2020 adali atauluka maola oposa 8,000, komabe adalowa mumtambo pakati pa mapiri a ku California ndipo khutu lidamunamiza monga lidanamizira Peterson. Wosazolowera amalowa mumtambo chifukwa sadziwa kuopsa kwake. Wozolowera amalowamo chifukwa adalowamopo kale n'kutuluka wamoyo. Ndipo kwa wozolowerayo msampha kawirikawiri umakhala wina: ndege siimupulumuka, koma iye amatsika pansi pa mitambo kuti aziona nthaka, monga ankachitira onyamula makalata aja, mpaka nthakayo imakwera kudzakumana naye.

Msampha wachiwiriwu ndi umene ukutikhudza kwambiri ife Amalawi, chifukwa cha mmene dziko lathu lidapangidwira. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pali nyanja zazikulu, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Kuchokera kunyanja kukwera kuno ndi mtunda waufupi koma wotsetsereka kwambiri, monga adziwira aliyense amene adakwerapo msewu wa Golomoti. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imabwera ndi mpweya wachinyontho kuchokera kunyanja ya Indian. Mpweyawo ukafika pamapiri umakakamizika kukwera, ukamakwera umazizira, ndipo chinyontho chake chimasanduka mtambo wokhala pansi penipeni pamodzi ndi mvula yamawawa. Imeneyi ndiyo nyengo ya chiperoni, imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la m'dziko la Mozambique, kummwera kwa Mulanje. Zimene zimachitika ku Bembeke zimachitikanso ku Mulanje, ku Thyolo, ku Zomba ndi kumapiri a Viphya. Ku Lilongwe kungathe kukhala dzuwa pamene zitunda za ku Viphya zamira mumtambo.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuzidziwa pano. Choyamba, chipangizo chimene chimauza woyendetsa ndege kutalika kwake chimayeza mpweya, motero chimawerengera kuchokera pamene pali nyanja zazikulu, osati kuchokera pachitunda chimene chili kutsogolo kwake. Chingathe kusonyeza mamita 1,900 pamene mitengo ili pafupi kukhudza mimba ya ndege. Chachiwiri ndi masamu a Fomu 1. Ndege yothamanga makilomita 300 pa ola imadutsa mamita 83 pa sekondi iliyonse. Ngati nkhungu ikulola woyendetsa kuona mamita 500 okha, ndiye kuti kuchokera pamene waliona phiri kufikira pamene aligunde pali masekondi 6. Maulendo ambiri a m'dziko muno akhala a ndege zing'onozing'ono zouluka m'munsi, kuyambira m'zaka za m'ma 1950 pamene ndege za injini imodzi za mtundu wa Beaver, za kampani ya Central African Airways, zinkatera pamabwalo a fumbi a m'maboma. Masamu amenewa akhala akuyenda nawo oyendetsa ndege athu kuyambira nthawi imeneyo.

Tsopano tibwerere ku funso la mnyamata uja. Ndege imene idagwa pa 10 Juni 2024 idali ya asilikali a dziko lino, ya mtundu wa Dornier 228, yopangidwa ku Germany, ya injini ziwiri, yotha kunyamula anthu 19. Idakhala ikugwira ntchito m'dziko muno kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dzulo lake idali itanyamula thupi la Ralph Kasambara, nduna yakale ya zachilungamo, kupita nalo ku Mzuzu, ndipo m'mawa wa tsikulo idabwerera ku Lilongwe kukatenga Dr Chilima ndi owaperekeza, amene ankapita kumaliro omwewo ku Nkhata Bay. Idanyamuka pabwalo la Kamuzu nthawi ya 9:17 m'mawa ndipo inkayembekezeka kutera ku Mzuzu nthawi ya 10:02. M'katimo mudali anthu asanu ndi anayi. Mwa iwo mudali Mayi Patricia Shanil Dzimbiri, amene adakhalapo mayi wa fuko, ndi asilikali atatu ogwira ntchito m'ndegemo: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani ndi Major Wales Aidin. Usiku wa tsikulo Dr Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adauza mtundu wa Amalawi kuti ndegeyo idalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, kuti idalangizidwa kubwerera ku Lilongwe, ndi kuti idasowa. Idapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni, itaphwanyika pachitunda china cha ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa, makilomita oposa 30 kuchokera ku Mzuzu. Padalibe wopulumuka. Dr Chilima adali ndi zaka 51, ndipo adaikidwa m'manda ku Nsipe pa 17 Juni.

Ndiyenera kunena momveka bwino kuti oyendetsa ndege imeneyi sadali ophunzira kumene. Mkulu wawo adali msilikali wa zaka zambiri pantchito, wouluka maola oposa 2,000, ndipo njira ya ku Mzuzu ankaidziwa. Ngoziyi idafufuzidwa ndi magulu awiri. Lina lidali komiti imene boma lidakhazikitsa motsogozedwa ndi woweruza milandu Jabbar Alide, ndipo m'mwezi wa Disembala 2024 idanena kuti sidapeze umboni wa chiwembu, koma nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Lina lidali bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, lodziwika ndi zilembo za BFU, limene lidatulutsa lipoti lake lomaliza m'mwezi wa Juni 2025. Bungweli lidapeza kuti ndegeyo inkauluka motsata malamulo odalira maso, koma idalowa m'nyengo imene maso sakadathanso kuona, ndipo nthawi ya 10:16 idagunda nthaka yokwera. Mwa zinthu zimene zidathandizira ngoziyi, lipotilo lidatchula kupitiriza ulendo mouluka m'munsi nyengo ili yokayikitsa, kusazindikira bwino pamene ndege idali poyerekeza ndi zitunda, ndi kusakonzekera mokwanira ulendowo usanayambe. Mukawerenga mawu amenewa n'kukumbukira onyamula makalata a 1919, muona kuti ndi nkhani imodzimodzi ngakhale papita zaka 105.

Sindikulemba izi pofuna kuweruza anthu amene sangadziyankhire. N'kosavuta kwa ine, nditakhala pakhonde ndi bulangete m'miyendo, kunena kuti akadabwerera. Iwo adali asilikali onyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, kupita kumaliro amene sakadadikira, atatsala ndi mphindi zochepa kuti afike. Zimene adakambirana m'mphindi zotsirizazo palibe adzazimve, ndipo apa ndi pamene wophunzira mbiri ayenera kutchera khutu. Ndege zazikulu zimanyamula timabokosi tiwiri tolimba, kena kojambula mawu a oyendetsa, kena kosunga zonse zimene ndegeyo ikuchita. Ndege iyi idalibe tonse tiwiri. Ofufuza a ku Germany adapezanso kuti zimene oyendetsawo ankalankhulana pawailesi ndi a pabwalo sizidajambulidwe, ndiponso zimene makina a radar a ku Lilongwe ankaonetsa sizidasungidwe. Njira imene ndegeyo idadzera, mmene idakhotera, kukwera ndi kutsika pamwamba pa Viphya, adaidziwa kuchokera m'kachipangizo ka GPS kamene kadapezeka pamalo a ngoziwo. Amalawi ambiri, kuphatikizapo ena a m'mabanja a omwalirawo, sadakhutire ndi malipoti awiriwa, ndipo ine sindiwadabwa. Pamene umboni wasowa, mphekesera imamera ngati bowa. Mukamadzawerenga za ngoziyi m'tsogolo, muzisiyanitsa zimene zidayezedwa n'kulembedwa ndi zimene anthu amangonena, komanso muzifunsa chifukwa chimene zoyezedwazo zidachepera chotere.

Kusowa kwa zipangizo kudaonekeranso pakusaka. Nkhalango ya Chikangawa ndi yaikulu, mahekitala oposa 50,000 a mitengo ya paini yobzalidwa pazitunda ndi m'zigwa, ndipo tsiku limenelo idali itakutidwa ndi nkhungu yomwe ija. Asilikali, apolisi ndi anthu a m'deralo adasaka m'chisanu, osaona patali, pamene dziko lonse lidagona maso lili pawailesi. Padatha tsiku lathunthu ndegeyo isanapezeke. Chonsecho ndege zimayenera kukhala ndi chipangizo chimene chimadzidzimuka chokha ndege ikamenyetseka, n'kuyamba kutumiza uthenga wosonyeza malo amene yagwera, kuti opulumutsa alunjike pomwepo. M'ndege ya ku Chikangawa chipangizo chimenechi chidalimo, koma sichidalire. Ofufuza atachitsekula adapeza kuti nthawi ya batire lake idatha m'chaka cha 2004, mnyamata wondifunsa uja asanabadwe.